Lipoti la ku msonkhano wa ojambula: mtanda pa zithunzi za nkhondo, ndi khoma lathu la pa holo

Moni nonse a pa gulu, a tcheyamani, amayi asungichuma, abusa athu, abale ndi alongo. Ndabwerako ku Blantyre kuja munandituma ndipo ndafika bwino. Ndati ndilembe lipoti pompano zinthu zikadali m'mutu, komanso kuti anzathu a ku Muloza ndi a ku Chitakale amene mwina simufika Loweruka muwerengeretu. Ndi lalitali ndithu, werengani modekha, chifukwa zomwe ndakaonako zikukhudza khoma lija tapatsidwa pa holo kuti tijambulepo.

Za ndalama ndiyambe nazo kuti zichoke: malisiti a minibasi ndi a kogona ndapereka kwa amayi asungichuma limodzi ndi chenji, amene akufuna kuona akaone kumeneko.

Kunabwera ojambula a mipingo yosiyanasiyana a kuno kum'mwera, Akatolika, a CCAP, a Anglican, a Pentekosite, ena osema ziboliboli, ena olemba ma saini m'ma shopu ngati ena a ife. Anatiphunzitsa ndi mayi wina mphunzitsi wa za luso, ankaonetsa zithunzi pa pulojekita n'kumatifunsa kuti mukuona chani, tisanauzidwe kalikonse. Mutu wake unali m'mene ojambula akhala akutengera mtanda, Mariya ndi mwana, manda ndi kuuka kwa akufa n'kuziika m'zithunzi za nkhondo. Funso lomwe ankabwereza pa chithunzi chilichonse linali limodzi: apa Yesu wamuika mbali iti?

Tinayamba ndi cha Francisco Goya wa ku Spain. Pa 2 May 1808 anthu a mu mzinda wa Madrid anaukira asilikali a Napoleon a ku France omwe analanda dziko lawo, ndiye usiku womwewo mpaka m'bandakucha wa pa 3 May asilikaliwo anagwira anthu n'kukawaombera m'magulumagulu. Goya anajambula zimenezi mu 1814. Abale, chithunzichi ndinachiyang'ana mpaka kuiwala kulemba manotsi. Ndi usiku, pansi pali nyali imodzi yaikulu, kuwala kwake kwagwera pa bambo wina wovala malaya oyera ndi buluku lachikasu, wagwada koma manja watambasula m'mwamba mofanana ndi munthu wopachikidwa, ndipo ukayandikitsa chithunzicho pachikhatho chake chamanja pali kabala ngati ka msomali. Pambali pake pali wansembe wapinda manja akupemphera, pansi pali mitembo ya omwe aomberedwa kale, kumbuyo kuli mzere wa ena odikira atatseka kumaso. Asilikali oomberawo nkhope zawo sizikuoneka, atifulatira, ukungoona misana ndi mfuti basi. Mtanda mulibemo, mngelo mulibemo, kumwamba kuli bii. Koma munthu aliyense wokulira m'tchalitchi akangoona manja aja amadziwa yemwe akukumbutsidwa. Bamboyo si woyera mtima wa m'kalendala ayi, ndi munthu wamba wa nkhope ya mantha, ndipo Goya waika chizindikiro cha Ambuye pa iyeyo, osati pa ogwira mfuti.

Cha Pablo Picasso chotchedwa Guernica tinangodutsapo chifukwa ambiri anali atachionapo pa foni. Ndi cha 1937, ndege za Germany ndi Italy zitaphulitsa tauni ya Guernica pa 26 April chaka chomwecho. Kumanzere kuli mayi wanyamula mwana wakufa akulira chopenya kumwamba, kakhalidwe komwe kaja Akatolika mumajambula Mariya atanyamula mtembo wa Yesu. Ine ndimachilemekeza koma sichinandigwire ngati cha Goya, mwina chifukwa matupi ake ndi oduladula kwambiri.

Pomwe panavuta ndi pa zithunzi ziwiri za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Anaziika pa khoma limodzi, china kumanzere china kumanja.

Choyamba ndi cha James Clark wa ku England, dzina lake The Great Sacrifice, chinatuluka mu magazini pa Khrisimasi ya 1914 nkhondo itangoyamba kumene. Msilikali wachinyamata wagona pansi wafa, yunifolomu yake yaudongo, nkhope yosalala ngati wangogona tulo, kabala kakang'ono pamutu, ndipo dzanja lake lakhudza phazi la Yesu yemwe ali pa mtanda pamwamba pake. Anthu anachikonda zedi, anachipachika m'nyumba, ena anachiika m'mawindo a matchalitchi pokumbukira ana awo. Ine sindingawanyoze makolo amenewo, munthu woferedwa mwana amagwira chilichonse chomwe chingamutonthoze. Koma taganizani mnyamata wa zaka 18 akuchiona m'tchalitchi sabata ndi sabata, chikumuuza chani? Chikumuuza kuti kufera ku nkhondo ndi nsembe yofanana ndi ya pa Gologota, kuti n'koyera, kopanda fungo, kopanda ntchentche. Chithunzi chotere chimatonthoza mayi mbali ino, mbali inayo chikutumiza mwana wina kukafa. Ndipo mbali ya adani nayonso inkati Mulungu ali ndi ife, asilikali a Germany mawu amenewo anali olembedwa pa malamba awo.

Chachiwiri ndi cha Otto Dix wa ku Germany, yemwe nkhondoyo anaimenya yekha, ankagwira mfuti ya chiwaya. Anachijambula kuyambira 1929 mpaka 1932 ndipo pano chili mu mzinda wa Dresden. Iyeyu anatenga kapangidwe ka zithunzi za paguwa la nsembe za m'matchalitchi akale, zija zimakhala ndi chigawo chachikulu pakati, ziwiri m'mbali ndi kena kopingasa pansi. Pa zithunzi za paguwa pakati pamakhala Yesu pa mtanda, pansi pamakhala Yesu m'manda. Ndiye Dix kumanzere waika asilikali akupita ku nkhondo m'mawa kuli nkhungu, pakati pomwe pamayenera kukhala mtanda waikapo ngalande yophulitsidwa, matope, matumbo, chigoba cha munthu chakodwa pa chitsulo chala chake chikuloza pansi, mtembo wina wazondoka miyendo m'mwamba yodzaza ndi mabowo a zipolopolo. Kumanja munthu wa nkhope ya Dix mwini wake akukoka mnzake wovulala. Pansi paja pa manda pagona asilikali m'dzenje, sukudziwa ngati ali mtulo kapena afa. Ena mu holo anatembenuza nkhope, mayi wina anatuluka kaye panja. Aphunzitsi anati Dix anatengera luso pa zithunzi za Matthias Grünewald, wojambula wakale yemwe zaka za m'ma 1512 mpaka 1516 anajambula Yesu wa zilonda thupi lonse, chithunzi cha pa chipatala cha amonke ku Isenheim komwe ankasamalira odwala matenda a pakhungu, kuti wodwala akayang'ana aone kuti Ambuye akudziwa ululu wake. Dix chipani cha Nazi chitangotenga boma mu 1933 anamuchotsa ntchito ya uphunzitsi, zithunzi zake ankati zikufooketsa mtima wa nkhondo.

Kwa ine zithunzi ziwirizi ndiye phunziro lonse la msonkhano. Onse awiri agwiritsa ntchito za m'tchalitchi, wina kukometsera nkhondo, wina kuivula. Ndiye tisamaganize kuti tikangojambula mtanda pa khoma basi tanena zabwino.

Chinanso chomwe chinandiwawa pamenepa, nkhondo yomweyo inafika kuno. Ku Karonga anamenyana mu September 1914, agogo athu ena analembedwa usilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la atsamunda a ku Britain), ochuluka zedi anagwidwa kukhala a tengatenga kusenza katundu wa nkhondo, ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala chakumapeto kwa 1914 kudandaula kuti anthu osauka akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, n'kusiya amasiye ndi ana. Chipilala cha asilikali ku Zomba chilipo. Koma pa zithunzi zonse tinaonetsedwa panalibe wa tengatenga ngakhale mmodzi pansi pa mtanda. Ndinanena zimenezi pa nthawi ya mafunso ndipo aphunzitsi anangoti ntchito imeneyo ikudikira inu.

Tsiku linalo tinaona cha Marc Chagall, White Crucifixion, cha 1938, pano chili ku Chicago. Chagall anali Myuda, ndipo chaka chimenecho mu November ku Germany anatentha masunagoge mazanamazana ndi kuphwanya ma shopu a Ayuda. Iye anajambula Yesu pa mtanda koma m'chiuno wamanga nsalu ija Ayuda amafunda popemphera, kumutu kulibe chisoti chaminga koma kansalu. Mozungulira mtandawo sunagoge akuyaka, nyumba zagubuduzika, bwato ladzaza othawa, bambo akuthawa atakumbatira mpukutu wa Chilamulo, mayi waphimba khanda pachifuwa, m'mwamba makolo akale akulira. Uthenga wake ukupita kwa Akhristu a ku Ulaya: amene mukumupembedza uja ndi Myuda, ndi m'bale wa anthu omwe mukuwathamangitsawa. Papa Francis ananenapo kuti ndi chimodzi mwa zithunzi zomwe ankazikonda kwambiri. Apa ndipomwe ndinayamba kuganiza za kwathu kuno chifukwa theka la chithunzicho ndi anthu othawa ndi katundu kumsana.

China chaching'ono koma sindingachisiye. Pa Khrisimasi ya 1942 asilikali a Germany atazingidwa ku Stalingrad ku Russia, kuli chisanu choopsa ndi njala, dokotala wawo wina yemwenso anali m'busa, Kurt Reuber, analibe penti kapena pepala, ndiye anatenga makala n'kujambula kuseri kwa mapu. Anajambula Mariya atakhala, wafungatira mwana, onse awiri akutidwa ndi nsalu imodzi yaikulu, monga amachitira mayi wa ku esiteti m'mawa wa June akamapita kothyola tiyi mwana atamukulunga m'chitenje kuti mphepo ya m'phiri isamupeze. M'mbali analemba mawu atatu, kuwala, moyo, chikondi. Chithunzicho chinatuluka pa ndege, mwini wake anagwidwa n'kufera ku ukaidi mu January 1944. Pano chili m'tchalitchi ku Berlin, ndipo makope ake anaperekedwa ku Coventry ku England ndi ku Volgograd, komwe ndi ku Stalingrad komwe kuja, ngati chizindikiro cha kuyanjana. M'bale wina wa ku Chiradzulu anafunsa funso lolemera, kuti kodi munthuyu sanali m'gulu lomwe linapita kukaputa dziko la eni ake? Zoona anali momwemo. Palibe anayankha zokhutiritsa, ine ndinangoona kuti pa chithunzi chake sanaikepo mbendera kapena mfuti kapena pempho loti apambane, anaikapo mayi ndi mwana basi. Komanso inu amene mumadandaula kuti tilibe zipangizo, makala ndi kuseri kwa mapu abale.

Panali mkangano waukulu umene ndikudziwa kuti ubukanso pakati pathu, ndiye ndiufotokoze bwino. Mkulu wa mpingo wina wa CCAP anaimirira n'kuwerenga Eksodo 20 za mafano, anati ife tinaleredwa kuti nkhope ya Ambuye sitijambula, mtanda wathu ndi wopanda munthu chifukwa anauka. Mlongo wina wa Katolika anayankha kuti chithunzi sachipembedza, chili ngati buku la munthu wosadziwa kuwerenga, n'kutchula za ku Mua komwe a Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, komwe Yesu ndi Mariya amasemedwa ndi kujambulidwa ndi nkhope zathu zomwezi. M'busa wina anabweretsa mfundo ina, yoti imfa yopulumutsa ndi imodzi yokha, ndiye kujambula munthu woomberedwa ngati Khristu n'kusokoneza chiphunzitso. Mfundo imeneyi ndi yoona ikafika pa chithunzi cha Clark. Koma pa cha Goya ine ndikuona Mateyu 25, paja akuti zomwe munachitira mmodzi wa aang'onong'ono awa munachitira Ine. Goya sakunena kuti bambo wa malaya oyera akupulumutsa dziko, akunena kuti mukamuombera mukuombera m'bale wa Ambuye. Sanagwirizane onse, koma anasiyana bwino, anadyera limodzi nsima.

Gawo la Mozambique ndi lomwe ndinalidikira kwambiri, ndipo ndinaona kuti nthawi yake inachepa. Tinaona zithunzi za Malangatana, wobadwa mu 1936 n'kumwalira mu 2011, yemwe apolisi achinsinsi a Apwitikizi anamutsekera miyezi 18. Zithunzi zake ndi zothithikana, nkhope pamwamba pa nkhope, maso otong'oka, mano, magazi, palibe mpata wopumira, ndipo china cha 1961 anachitcha chiweruzo chomaliza, kutenga mutu wa m'Baibulo kuti aweruze ulamuliro wa atsamunda. Kenako anatifotokozera zomwe ambiri tinangomva ndi khutu limodzi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992, womwe gulu la Akatolika la Sant'Egidio linathandiza kuyanjanitsa, mfuti zinatsala zambirimbiri m'midzi. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi zomangira nyumba, potsatira Yesaya 2:4 paja akuti adzasula malupanga awo kukhala zolimira. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo anaziwotcherera n'kupanga mpando, mtengo wa moyo, mbalame ndi zina. Mpando uja ndi mtengo uja zili ku British Museum ku London. Izi si zopenta ayi, koma inu a welding a pa Limbuli muone kuti ntchito yanu ingathe kulalikira.

Tsopano za khoma lathu. Pa msonkhano wathu watha maganizo ambiri anali oti tijambule nkhunda, mbendera ndi manja awiri akupatsana moni, ena anati Yesu ataimirira pamwamba pa phiri la Mulanje akudalitsa. Sindikunyoza maganizo amenewo koma nditaona zonsezi ndikupempha kuti tiganizenso. Nkhunda ndi manja zili pa khoma lililonse la pulojekiti, munthu amadutsa osayang'ana. Ife tili ndi nkhani yathuyathu. Nthawi ya nkhondo ija anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira m'Malawi, ndipo ena mwa iwo anaolokera pompano, pa Muloza ndi pa Ruo, kuchokera ku Milange ndi midzi ya kuseri kwa malire, anthu olankhula Chilomwe ndi Chinyanja ngati ife tomwe, ena abale athu enieni. Makolo athu anawapatsa malo pakhonde, anagawana nawo chinangwa ndi kalongonda. Ena anabwerera, ena anakwatira konkuno, ana awo timaimba nawo kwaya.

Ndiye ganizo langa ndi ili: tijambule banja likuoloka mtsinje usiku. Mayi mwana kumbuyo, mtolo pamutu, bambo patsogolo akuyesa madzi ndi ndodo, kutsidya komwe achokera kukuoneka utsi, kutsidya lino mayi wina wa m'mudzi waima ndi nyali akuwadikira, phiri lathu kumbuyo kwake. Pansi tingolemba Mateyu 2:13-15, paja Yosefe anadzuka usiku n'kuthawitsa mwana ndi amake kupita ku Iguputo poopa Herode. Tisaike kuwala kozungulira mitu, tisalembe kuti uyu ndi Mariya. Wa CCAP adzaona banja la othawa ndi vesi, chikumbumtima chake sichidzavutika, wa Katolika adzaona Banja Loyera, Asilamu anzathu omwe amabwera pa holo pa misonkhano ya chitukuko adzaona mayi ndi mwana ofunika kuwalandira. Ndipo funso la aphunzitsi lija lidzakhala litayankhidwa, Yesu ali kumsana kwa mayi wothawayo.

Asilikali ine ndikuti tisawajambule n'komwe. Ngati gulu liumirira ndiye akhale ngati a Goya, opanda nkhope, opanda yunifolomu yodziwika ya mbali iliyonse, chifukwa pa msika wa Limbuli timagulitsana ndi anthu a mbali zonse ziwiri ndipo khoma la pa tchalitchi lisadzutse zomwe anthu anavutika kuzigoneka. Za mitembo ngati za Dix ayi, pa holo pamadutsa ana a Sande sukulu. Koma tisakometserenso mpaka kunama, mapazi akhale otupa, zovala zong'ambika, nkhope zotopa, mantha aoneke.

Tisanagwire bulashi pali ntchito yomvetsera. Ndikupempha kuti anthu awiriawiri tikacheze ndi agogo omwe anaoloka nthawi imeneyo ndi omwe anawalandira, tikafunse kuti ananyamula chani, anaoloka nthawi yanji, mwana anamutontholetsa bwanji kuti asamveke, anafikira pakhomo potani. Tidzere kwa amfumu kaye, ndipo amene sakufuna kulankhula tisamukakamize, zina anthu anaziona sizinenedwa. Tisajambule nkhope ya munthu weniweni kapena kulemba dzina lake pa khoma, komanso zomwe atiuze zisapite pa Facebook. Abusa, tikupempha kuti mutiperekeze maulendo oyambawo chifukwa nkhani zoterezi zikhoza kudzutsa misozi yomwe ife achinyamata sitingadziwe poigwira.

Za zipangizo anatilangiza kuti khoma la kunja kudera la mvula yambiri ngati kwathu kuno lisapentedwe lili lonyowa, tikonze kaye pulasitala pomwe yafufuma, tipake undercoat, tigwiritse penti ya panja, ndipo ntchito ichitike chilimwe mvula isanayambe. Khoma lathu lija mbali ya kumunsi imamwa madzi, a tcheyamani mukumbukire kuti pakufunika kukonza ngalande ya madzi a padenga tisanawononge penti. Zithunzi zonse ndatchulazi ndili nazo pa foni, ndiziponya pa gulu madzulo ano kupatula cha Dix, chimenecho amene akufuna andiuze ndimutumizire payekha chifukwa pa gulu pano pali ana a Fomu 1.

Loweruka tikumane pa holo nthawi yathu yomwe ija. Aliyense abwere ndi sikechi yake ya makala kapena pensulo, ya ganizo langali kapena lanu ngati muli ndi lina, tidzaziyala pansi tisankhe limodzi. Amene muli ndi agogo omwe angalole kucheza nafe muuze a sekilitale pasanafike Lachisanu kuti tidzagawane midzi tsiku lomwelo.